Mkanda wa Mondokwa

Mchimwene wanga anabadwa ndi vuto limodzi: ankaseka akachita mantha. Mwana wina ukamutolera mkwapulo amayamba kulira usanamukhudze, koma uyu ankangoyanika mano, maso ali pa iwe, ngati wamuuza nthabwala. Kusukulu ankakwapulidwa kawiri pa mlandu umodzi, koyamba chifukwa cha cholakwacho, kachiwiri chifukwa cha mwano umene sanachite. Ife apakhomo tinkadziwa kuti akayamba kuseka choncho ndiye kuti mantha amugwira zedi. Anthu akunja sankadziwa, ndipo panalibe wowauza.

Ine ndine woyamba kubadwa, iye anali mzime. Awiri apakati sanakule, ndipo bambo anamwalira iye akadali ku pulayimale. Pa nthawi imene ndikunenayi ndinali nditabwerera kwathu ku Domasi banja litandikanika ku Liwonde, ndipo amene ankati linakanika chifukwa cha pakamwa panga sankanama kwenikweni. Pakhomo tinali atatu: amayi, ine, ndi mnyamata wamtali uyu wa ndevu zongoyamba kumera, wokonda kuimba mluzu ndi kundiputa. Ankanditchula kuti achemwali, koma m'katchulidwe kakeko munalibe ulemu ngakhale pang'ono. Kwa amayi ndiye ankasanduka munthu wina. Akangotsokomola, iye wafika kale ndi madzi, ndipo ine ndinkamunyoza kuti adzakwatira ali ndi imvi chifukwa palibe mkazi angapikisane ndi apongozi otere.

Chinali chaka chotsatira chija tinavotera zipani zambiri. Mvula inayamba bwino, kenako inadula chimanga chili m'mawondo, chathu chonse n'kupsa. Tinabzalanso mochedwa. Pofika mu Malichi nkhokwe inali itayera, tikukhalira madeya, nkhwani ndi nthochi zaziwisi zophika, pamene minda ya m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, imene sinamve dzuwa, inali itabereka kale mondokwa wonenepa. Kuba kunachuluka. Paliponse anthu ankati ufulu wabwera, koma aliyense anaumva mwakemwake. Ena anamva kuti ndi ufulu wothyola m'munda mwa mnzako, ena anamva kuti ndi ufulu woweruza mlandu ndi chibonga pamsewu.

Amayi anali atangodzuka ku malungo. M'mawa wa tsiku limenelo anagona pamphasa pakhonde, atafunda chitenje mpaka m'khosi, n'kulankhula ngati akulankhula ndi denga.

"M'kamwa mwangamu mukuwawa. Kamondokwa kamodzi kootcha kakanandibwezera malovu."

"Amayi, wodwala akayamba kusankha zakudya ndiye kuti wachira," ndinatero ine. "Dikirani wathu akhwime."

Mchimwene wanga ankanola chikwanje pafupi ndi nkhokwe. Anamaliza, anachitsamiritsa kukhoma, n'kunena kuti akukafuna ganyu cha ku Malosa. Anatuluka akuimba mluzu, ine n'kutsikira kumunda wa mpunga kukazula udzu.

Dzuwa lili paliwombo ndinamva nyimbo kumsewu. Poyamba ndinayesa msonkhano wa chipani, poti masiku amenewo sabata sinkatha popanda wina kudutsa ndi mbendera. Kenako mayi wa munda woyandikana ndi wathu anaweramuka n'kunena kuti agwira wakuba, akumuyendetsa. Tinasamba matope m'miyendo tonse awiri n'kukwera kukaona.

Kuyendetsa wakuba unali mwambo wakale kwathuko. Wogwidwa ndi mbewu ankamumangirira zakubazo m'khosi ndi luzi, kumupaka phulusa kumaso, n'kumuzunguliritsa mudzi wonse mpaka kumsika, ana akuimba pambuyo pake. Cholinga chinali manyazi. Munthu ankafika kumsika nkhope itagwa, ankalipira nkhuku kapena mbuzi, mwina n'kukabisala kwa amalume ake miyezi ingapo, basi nkhani yatha. Ndili mwana ndinaonapo bambo wina akuyendetsedwa ndi dzungu kumsana, ndipo ngakhale pamaliro ake, zaka zambiri zitapita, anthu ankasekabe za dzungulo. Palibe amene ankafa nazo. Koma chaka chimenecho anthu anali ndi njala, anali atatopa ndi kugona m'minda kulondera, ndipo manyazi okha sankawakwanira.

Ndinayamba kuona mkanda ndisanaone munthu. Chimanga anachimanga ndi makoko ake omwe, chikulendewera pachifuwa, si chambiri ayi, chokwana m'malaya basi. Kumaso kunali phulusa lokhalokha, manja atamangidwa kumbuyo ndi malegeni a njinga. Ndinamuzindikira ndi mayendedwe, poti ankaponya phazi lakumanzere kunja akamayenda. Amene anagwira chingwe kutsogolo anali mwini munda, bambo wamkulu thupi wa kutchalitchi kwathu komwe, woimba besi mu kwaya. Bamboyo anali ataberedwa kambirimbiri chaka chimenecho, ndipo ana ake nawonso ankadya kamodzi patsiku. Zimenezi ndimazinena chifukwa ndi zoona, osati chifukwa zimandiziziritsa mtima.

Pamene msewu wathu wafumbi umakumana ndi wa tala pali ngalande yaikulu. Atafika pamenepo munthu wina anamufunsa mokuwa ngati adzabenso, ndipo mchimwene wanga anaseka. Ndinaona mano ake akuyera pakati pa phulusa.

"Akuseka," anatero wina. "Akutiyesa zitsiru uyu."

Nyimbo inathera pomwepo. Woyamba anamumenya ndi nsungwi pamsana, wachiwiri, mnyamata wamfupi, ndi tcheni cha njinga m'miyendo. Anagwada n'kusekanso, kuseka kopanda mawu kuja, mapewa akugwedezeka. Pamenepo anamuunjikira ndi zidutswa za njerwa, mitengo yozula pampanda wa munthu, ndi zidendene. Azimayi amene ndinkatunga nawo madzi ankatola miyala n'kumapatsira anyamata. Ndinadzipanikiza pakati pawo ndikukuwa kuti amaseka akachita mantha, kuti ndi chibadwa chake, kuti amusiye tikakambirane, koma mawu anga ankangomira. Wina anandigwira pakhosi, ine n'kumuluma mkono mpaka ndinamva mchere wa magazi ake m'kamwa. Anandiponya m'ngalande. Ndinatuluka, anandiponyanso.

Nditakweranso tinaonana maso. Diso limodzi linali litatsekeka kale, khutu likulendewera. Anandizindikira.

"Achemwali," anatero, "musawauze amayi."

Kenako mwini munda anatukula mpini wa khasu ndi manja awiri. Kulira kwa mpini umenewo pamutu pa mwana wa mayi anga sindidzakulongosola, koma mpaka lero wina akamawaza nkhuni kuseri kwa nyumba ndimasiya chimene ndikuchita.

Gulu limabalalika msanga likamaliza. Posakhalitsa pamsewu panatsala ine, iye, ndi bambo wina wachisilamu wogulitsa matemba, amene anali atangotsika panjinga pake. Sanafunse mlandu. Anamasula dengu lake n'kuliika pansi, anadula luzi la m'khosi ndi mpeni chifukwa linali litalowa m'mnofu, n'kundithandiza kumukhazika pakaliyala. Iye ankakankha njinga kulowera kuchipatala, ine nditamukumbatira mchimwene wanga kuti asagwe. Sitinafike. Ndinamva thupi likulemera m'manja mwanga, bamboyo anaima n'kunong'ona pemphero lakwawo, kenako tinatembenuza njinga.

Panalibe chowauza amayi. Nyimbo ija anaimva ali pakhonde pamene gulu linkadutsa kumusi kwa nyumba yathu, koma analibe mphamvu zodzuka, ndipo sanadziwe kuti woimbiridwayo ndi ndani. Atationa tikulowa ndi njinga anadziwa zonse, ndi za mondokwa zomwe, popanda wowafotokozera. Anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali n'kunena mawu awa okha: "Wafera m'kamwa mwanga."

Pamaliro anabwera onse, poti kwathu maliro sajombedwa. Amene anaponya njerwa anakumba manda, amene anapatsira miyala anaphika. Apolisi atabwera kudzafunsa, zinapezeka kuti mudzi wonse unali kumunda tsiku limenelo. Ine ndinalira mpaka mawu anatha, ndinatukwana anthu ndi maina awo pamanda, azakhali n'kuchita kunditseka pakamwa ndi chitenje. Koma amayi sanagwetse msozi. Anakhala tsonga m'nyumba ya siwa, maso ali kukhoma, ndipo anzawo ankanong'onezana kuti mayi wosalira mwana wake ndi woopsa.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kudya. Sanalumbire, sanalengeze, ankangotembenuza mutu mbale ikafika. Madzi ankamwa, mwina ndi kathobwa konyowetsa milomo ndikawaumiriza kwambiri. Ndikafunsa ankati, "Pakamwa pano padya kale mwana wanga. Pakhuta."

Mwini munda anamva kuti amayi sakudya, poti pamudzi sipabisika kanthu. Tsiku lina masana ndinangomuona akulowa pabwalo ndi mkazi wake, atasenza dengu lodzaza mondokwa wa m'munda womwe uja. Sindikukayika kuti ankayesa akuchita bwino, poti kwathu wokapepesa sapita chimanjamanja, ndipo munthu amatenga chimene ali nacho. Anagwada patali n'kuyamba kunena kuti madzi akatayika sawoleka. Sindinamulole kumaliza. Ndinayamba kumugenda ndi chimanga chakecho chimodzichimodzi, kumaso, pachifuwa, pamsana atatembenuka, ndikumufunsa kuti chonsechi chinali kuti pamene ankaswa mutu wa munthu chifukwa cha chokwana m'malaya. Ndinawathamangitsa mpaka kumsewu, dengu n'kuliponya pambuyo pawo. Pobwerera ndinapeza amayi akuyang'ana chimanga chomwazika pabwalo, nkhuku zikujompha, ndipo tsiku limenelo anakana ndi madzi omwe.

Chathu chobzala mochedwa chija chinakhwima, ndipo chinabereka ngati chikutitonza. Pakhomo panadzaza chakudya, amayi akutha. Zigongono zinatuluka, chitenje chinayamba kuwazungulira kawiri, ndipo pokawasambitsa ndinkachita kuwanyamula. Ndinayesa kunyengerera, ndinayesa kulira, ndinayesa kuwaopseza kuti ndiwatengera kuchipatala akawaike madiripi. Tsiku lina ndinamenyetsa mbale kukhoma n'kuwakalipira kuti ngati akufuna kufa anene, ndikauze adzukulu okumba manda asabweze makasu. Ndinali ndi mantha aakulu, ndipo mantha anga ine amatulukira mu ukali. Ndinaona kuti mondokwa uja atenga anthu awiri.

Akatekisiti athu, munthu wabwino koma wolankhula ngati akuwerenga, anabwera kudzawapempherera. Anati Mulungu amadziwa zonse, ndi chisoni chawo chomwe.

"Kudziwa nanenso ndimadziwa kuti ku Joni kuli migodi," anatero amayi ndi mawu otsika, "koma sindinalowemo. Iye ali kumwamba kozizira bwino. Wodziwa ndi amene zinamuonekera."

Akatekisiti anatsegula pakamwa, ine n'kuwatsekera. Ndinawauza kuti ngati abwera ndi mawu okhaokha abwerere nawo, akawapatse oimba besi awo. Ndinali nditasiya kupita kutchalitchi. Sindikanatha kugwada m'nyumba imodzi ndi bambo uja, kumumva akuimba za chifundo. Ndi Mulungu yemwe ndinali naye mlandu, ndipo ndinkamuuza poyera ndikamazula udzu mu mpunga.

Pa Lachisanu Loyera achinyamata a kutchalitchi kwathu ankachita Njira ya Mtanda mwa sewero, chaka ndi chaka. Ankayambira pabwalo la mpira kumtunda kwa mudzi, kudutsa kumusi kwa nyumba yathu, kuwoloka msewu wa tala pangalande paja, n'kukathera pakaphiri ka kuseri kwa tchalitchi. Asilikali ankavala zisoti za makatoni, ndipo mikwapulo yawo inali ya makungwa a nthochi, olira kwambiri koma osapweteka. Magazi anali madzi a chidede. Chisoti chaminga chinali cha minga yeniyeni ya mthethe, koma pansi pake ankaikapo kansalu. Zaka zonse anthu ankalira pang'ono, kuseka pang'ono, ndipo sipankalephera wina wotukwana asilikali kuti ndi ana opanda mwambo. Chaka chimenecho woyerekeza Yesu anali mnyamata wowonda amene anaphunzira kalasi imodzi ndi mchimwene wanga. Asilikali ndinkawadziwa onse, ndipo ena mwa iwo ndinawaona pangalande tsiku lija.

Ndinali nditatseka chitseko kuti tisamve, koma phokoso la gulu sililabadira chitseko. Mu sewerolo anthu amayenera kukuwa kuti aphedwe, ndipo zaka zina akatekisiti ankachita kuwalimbikitsa chifukwa ankakuwa mwamanyazi. Chaka chimenecho panalibe wofunika kulimbikitsidwa. Mawu ake anali omwe aja, ndi ana omwe akuthamanga pambuyo.

Amayi anatukula mutu pamphasa. "Ayambanso ndani?"

"Ndi sewero, amayi. Njira ya Mtanda. Gonani."

Anamvetsera kwa kanthawi. "Ndibereke," anatero. "Tsiku lija sindinapite."

Ndinakana. Ndinati dzuwa ndi laukali, ndinati simungathe. Anayamba kukwawa kulowera kuchitseko. Ndiye ndinatenga chitenje, ndinawabereka mayi anga kumsana monga anandiberekera ine, n'kutsikira kumsewu. Ndowa ya madzi inkalemera kuposa iwo.

Gulu tinalipeza litatsala pang'ono kufika pangalande. Mikwapulo ya nthochi ija inali itanyenyeka kale chifukwa anaiyamba ndi mphamvu, ndipo m'malo moyenda chimanjamanja asilikali anali atathyola nsungwi ndi nthambi m'mbali mwa msewu. Sindikhulupirira kuti anapangana. Manja awo anali atangozolowera. Mnyamata uja anasenza mtanda wa bulugamu wauwisi, mkanjo wake woyera utang'ambika pamsana, mizere yotupa ikuonekera. Ankatembenuka n'kumawanong'oneza anzake kuti zikupweteka, koma gulu linali litaledzera ndi mawu ake omwe. Kwaya inkabwera pambuyo, besi ija ili momwemo.

Pangalande ndi pamene ankayenera kugwa malinga ndi sewero. Anagwa, mtanda n'kumupsinja. Msilikali wamfupi, yemwe uja wa tcheni cha njinga, anatukula nsungwi n'kumumenya nayo pamutu penipeni, pachisoti chaminga paja. Minga inapyola kansalu. Mnyamatayo anakuwa kuitana mayi ake, osati mawu a m'sewero ayi, ndipo magazi amene anatsika kumaso sanali a chidede.

Sindikumbukira m'mene ndinawatsitsira amayi. Ndimangokumbukira nsungwi ili m'manja mwanga, chisoti cha katoni chitaphwanyika, msilikaliyo atagwa chagada m'ngalande akutchinga kumaso. Ndinamumenya m'manja, m'nthiti, m'miyendo, ndikumufunsa ngati tsopano akumva m'mene zimakhalira. Nsungwi inang'ambika, ine n'kupitiriza ndi zing'alu zake. Anachita kundigwira amuna angapo, ndipo mmodzi anapita kwawo ndi zikhadabo zanga kumaso. Kwaya inasiya kuimba. Mwini munda anaima poteropo, buku la nyimbo lili m'manja mwake, ndipo ndinamulavulira ngakhale malovuwo sanamufike.

Nditatembenuka ndinapeza amayi atakwawa mpaka pamene panagwera mnyamatayo. Anali atamuchotsa chisoti chija, mutu wake uli pamiyendo pawo, akumupukuta magazi ndi nsonga ya mpango. Akatekisiti anagwada pambali, thukuta lili kamukamu.

"Akatekisiti," anatero amayi, "Yesu mwini wakeyo, pamene ankamuchita zimenezi, Bambo ake anali kuti?"

"Ankaona, mayi."

"Phokoso lija ankalimva?"

"Ankalimva lonse."

"Nanga anamutuma ndani kubwera kwa anthu oterewa?"

"Bambo ake omwewo."

"Ndi pakamwa pawo?"

"Ndi pakamwa pawo, mayi."

Amayi anaika dzanja pachipumi pa mnyamatayo. Nkhani imeneyi anaimva kuyambira ali mtsikana, ankaidziwa kuposa ine, anaiimba m'nyimbo zaka zonse. Koma ndinaona nkhope yawo ikusintha ngati ya munthu amene wangouzidwa kumene kuti pakhomo loyandikana pagwa zovuta.

"Ndiye Iyenso ananena mawu, mwana n'kunyamuka," anatero. "Ndiye akudziwa."

Akatekisiti anafuna kuti sewero lithere pomwepo, koma mnyamatayo anadzuka yekha, mpango wa amayi utamangidwa kumutu, n'kunena kuti amaliza. Nsungwi zonse zinatayidwa m'ngalande. Asilikali anayenda ulendo wotsalawo manja ali lende, mitu ili pansi, wamfupi uja akutsimphina pambuyo. Ine ndinaberekanso amayi, zikhato zanga zitachekeka ndi nsungwi.

Pakaphiri anamumangirira pamtanda ndi zingwe monga mwa nthawi zonse n'kuudzutsa. Atagwetsa mutu kuyerekeza kufa, amayi anati ndiwatsitse. Anakhala pansi patsinde pa mtandawo, anatambalala monga amakhalira amayi pasiwa, n'kukokera chitenje kumutu. Kenako analankhula moyang'ana kumwamba, ndi mawu omwe timalankhula tikalowa m'nyumba ya mnzathu woferedwa.

"Pepani, Bambo. Pepani ndithu. Akupherani mwana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera. Ine ndikudziwa m'mene mukumvera. Ndabwera kudzakhala nanu, poti maliro n'kulirana."

Ndipo analira. Unali mfuu umene anausunga kuyambira tsiku limene tinalowa pabwalo ndi njinga, wotuluka m'thupi loti silikanatha kunyamula kapu ya madzi. Analira mwana wa Mulungu, kenako osapumira anayamba kuitana wawo ndi dzina la paubwana, kumufunsa chifukwa chake anamvera, kumufunsa ngati zinapweteka kwambiri. Amayi ena anayamba kukhala pansi mmodzimmodzi, ndi opatsira miyala omwe, n'kumalira nawo. Mnyamata wa pamtanda, woyenera kukhala wakufa, ankasisima, misozi ikusakanikirana ndi magazi. Palibe amene anatseka ndi pemphero tsiku limenelo.

Ine sindinalire nawo. Ndinaima kumbuyo mtima udakali wotentha, ndipo wina akanandipatsa nsungwi ina ndikanadziwa pokaigwiritsa ntchito. Sindinakhululukire munthu pakaphiri paja, ndipo ena mwa iwo anamwalira ndisanawapatsenso moni. Koma ndikuyang'ana mnyamata wokhetsa magazi enieniyo ndinazindikira kuti mlandu wanga wonse ndinkakaukalipira kwa kholo loferedwa. Ndinkamufunsa Mulungu kuti anali kuti pamene gulu linkaswa mwana womangidwa manja, ngati kuti Iye sanaimepo pangalande yotere. Sanandiuze chifukwa chake amalola, ndipo mpaka lero sanandiuze. Koma kukalipira amene zinamuonekera n'kosiyana ndi kukalipira wongomva. Ndimamukalipirabe, koma tsopano sindiyamba ndi kumufotokozera m'mene zimapwetekera, ndipo chimenecho chokha chimandipeputsa mtima.

Tinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Ndinawagoneka pamphasa n'kuwatsuka m'mawondo, mmene munali mutasupuka ndi kukwawa. Maso anali otupa, mawu atasasa. Ndinkaganiza kuti kulira kuja kwawamaliza, ndipo ndinakhala pambali pawo ndikuyang'ana ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika.

"Iwe," anatero, maso ali chitsinzire. "Ufa ulipo?"

"Ulipo, amayi."

"Ndiphikire phala. Lamadzimadzi."

Ndinayesa sindinamve bwino. Ndipo poti pakamwa panga sipadziwa nthawi, ndinati, "Amayi, lero ndi tsiku losala."

"Asale iwowo," anatero. "Ine ndamuuza mnzanga uja kuti ndikhala naye pamaliro. Ndingamuwonjezere mtembo wina ali ndi wake kale?"

Ndinakoleza moto n'kuphika phala. Litapsa ndinaliziziritsa, ndinawadzutsa n'kuwatsamiritsa pachifuwa panga, n'kuyamba kuwamwetsa ndi sipuni. Mimba inali itaiwala ntchito, ndipo phala loyambalo linabwerera lonse pachitenje changa. Ndinati tipumule, tiyesenso mawa. Amayi anapukuta milomo ndi kuseri kwa dzanja, anapuma kwa kanthawi, n'kutsegulanso pakamwa.

"Bweretsa lina," anatero.